Tsiku Limene Atelala Anayezedwa

Atelala a pakona, amene shopu yawo inapanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni, anapalasa makina osokera zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Kenako mwana wawo wamkazi atayamba ntchito anawagulira makina a magetsi, aja ongogunda ndi chala chakuphazi, fyuu, msoko watha. Ntchito inafulumira, koma miyendo inasowa chochita. Pasanathe zaka ziwiri mimba inayamba kutsogola, mapazi n'kumatupa madzulo, ndipo adokotala atawayeza kuthamanga kwa magazi anavula magalasi.

"Bambo, thupi lanuli likufuna ntchito. Mukapitiriza kukhala pansi chonchi, mapilitsi okha sakuthandizani."

Mawuwo anawaopsa kwambiri, ngakhale kunyumba anakafika akuseka. Kuyenda pansi anakukana, ati anthu aziyesa kuti shopu yagwa. Kuthamanga ndiye musanene. Koma Lamlungu lililonse m'mamawa pakhomo pawo pankadutsa gulu la opalasa njinga zothamangira, zija za matayala owonda ndi mahandulo opindikira pansi. Atelala ankawadziwa onse, chifukwa akang'amba makabudula kapena zipi ikafa ankabwera kwa iwo. Mmodzi anawauza tsiku lina kuti, "Miyendo yanuyo ndi ya njinga, Atelala. Pezani yanu tizikakwera limodzi chitunda cha kuthanki."

Ndalama zimene anasunga zinali za njinga imodzi, yakale, ndipo kamodzi kokha. Mayi akunyumba analolera kuti kabati imene ankaifuna idikire chaka china, koma anawachenjeza.

"Abambo, mukagula chokongoletsa khonde, za njinga ina musadzandiuze."

"Ine kulakwitsa muyeso? Unamvapo liti?"

Zoona, palibe anamvapo. Atelala anali ndi lamulo limodzi limene linawadyetsa moyo wawo wonse: podula nsalu, siya malo. Chovala chikakula umachepetsa, chikachepa nsalu yapita. Mayunifolomu a ana ankawasoka manja ofika kuzala. Suti ya mkwati ankaisiyira malo a mimba ya m'banja. Anthu ankadandaula tsiku loyamba, n'kudzathokoza patapita chaka.

Choncho anapita kwa Sipanala, wokonza ndi kugulitsa njinga zakale kuseri kwa msika. Sipanala anali munthu wosachedwa kuseka koma wouma pa malonda, ndipo pakhoma pake analemba ndi penti kuti chogulidwa sichibwezedwa. Pa njinga zonse zimene anapachika kudenga, ziwiri zokha ndi zimene thumba la Atelala likanakwanitsa. Ina inali yofiira, yaitali, yonyezimira, magiya ambirimbiri. Inayo inali yotuwa, yaing'ono, yokandikakandika, nsalu ya pahandulo ili nyankhalala.

Atelala yotuwayo sanaiyang'ane kawiri.

"Nditsitsire yofiirayo, mphwanga."

"Madala, imeneyo mwiniwake anali munthu wamtali, wowerama polowa pakhomo."

"Ndiye bwino. Chinthu chizikhala ndi malo."

Sipanala anaitsitsa n'kuwauza kuti akaiyese mpaka kumapeto kwa msewu. Atelala anaponya mwendo, mtanda wa njinga n'kuwalandira pamalo posatchulika. Anaima ndi zala zakumapazi, nkhope ili gwa ngati palibe chachitika. Kuti agwire handulo anatambasuka ngati munthu wofuna nsapato pansi pa bedi. Komabe anapalasa, ndipo njingayo inayendadi, yopepuka moti mtima wawo unadumpha ndi chimwemwe. Vuto linadza poima. Zala zinkangogunda mabuleki nsonga zokha, ndipo chimene chinawaimitsa ndi mulu wa mchenga wa anthu omanga nyumba.

Anabwerera akuikankha, akudzisasa m'mawondo.

"Yakula pang'ono. Tichepetsa."

"Tichepetsa pati, madala?"

"Apa ndi apa. Si ntchito yako imeneyo?"

"Chishalo nditsitsa, inde. Handulo ndibweza pang'ono. Koma felemu ilibe mpendero, madala. Ichi ndi chitsulo, mmene anachiwotcherera ndi momwemo. Mukaitenga, sabata ziwiri msana ndi khosi zikukanani, muipachika. Tandiuzani, mwendo wanu kuchokera pansi kufika m'mphechepeche ndi mainchi angati?"

"Sate-thu," anayankha Atelala mosaganiza n'komwe.

Sipanala anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuluma mlomo kuti asaseke.

"Anakuyezani ndani?"

Kunena zoona, palibe amene anawayezapo Atelala. Munthu wodziwa pamtima ziuno za theka la anthu a mumsewu wawo anali asanayezedwepo ndi wina aliyense. Mathalauza awo ankadulira pa katoni imene anajambula okha chaka chimene anakwatira, ndipo nambala imene analemba pakatonipo ndi imene ankaikhulupirira.

"Kayezedweni kaye," anatero Sipanala. "Opanda nsapato, msana kukhoma, buku pakati pa miyendo ngati chishalo. Njinga zonse ziwiri ndikusungirani mpaka mawa masana. Ndalama zanu ndikuzifuna, koma sindikufuna muzidzanditukwana mukamadutsa pano."

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, Atelala anaima pabalaza opanda nsapato, buku la masitayelo a madiresi lili pakati pa miyendo. Mayi akunyumba anakoleka tepi m'khosi, choko m'manja, ndipo zinaoneka kuti ntchitoyi anaidikira zaka zambiri.

"Imani mowongoka, bambo. Zidendene pansi. Ndati pansi! Musabise mimba, sitikuyeza imeneyo."

"Yeza msanga, iwe."

Mayi analemba choko pakhoma, nayeza, nayezanso.

"Twente-naini."

"Wayamba pati? Bwereza."

"Twente-naini, abambo. Tepi ndi yanu yomwe."

"Nanga mathalauza anga a sate-thu amandikwana bwanji?"

Mayi anakhala pampando, naseka mpaka misozi.

"Mukasoka thalauza latsopano mumandipatsa kuti ndichape choko ndi kusita, eti? Ndiye ine ndimapinda mainchi atatu ndi singano yamanja. Msoko wosaoneka uja munandiphunzitsa ndinu. Loyamba lija linkasesa msewu, ndinachita manyazi. Kukuuzani ndinaopa, munali mutangotsegula shopu."

Zinawapweteka Atelala, tisaname. Anayang'anitsitsa kachizindikiro ka choko pakhoma. Kenako anatenga thalauza limene linali pa waya, natembenuza mwendo wake, nayendetsa chala pampendero. Msokowo unali waukhondo, woti iwo eni akanaulipirira. Manyazi anasanduka kuseka, ndipo m'kusekamo munali kuthokoza kumene sanadziwe kukunena.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndi telala m'nyumba."

"Wosalipidwa," anatero mayi.

M'mawa mwake anafika kwa Sipanala asanamalize kutsegula.

"Twente-naini, mphwanga. Ndipo usaseke. Tsitsa yotuwayo."

Tsopano anaiyang'ana ngati mmene amayang'anira nsalu. Anayendetsa chala pamene zitsulo zinalumikizidwa, kufuna mng'alu, osaupeza. Anazunguza matayala kuti aone ngati akuyenda mokhota. Anafunsa za tcheni, Sipanala n'kuvomera kuti chatha, naika china pamtengo womwewo. Ataponya mwendo, mapazi onse awiri anaponda pansi, mtanda n'kuwasiyira ulemu wawo. Manja anagwera pahandulo okha, zala n'kukumbatira mabuleki bwinobwino.

"Magiya ndi ochepa," anadandaula pang'ono.

"Amene alipowo akukwanirani. Chofunika ndi giya yopepuka ya pachitunda, ndipo ilipo. Ndalama zotsalazo mugulire chipewa cholimba ndi pampu, osati penti."

Anachita zomwezo. Pahandulo anakulunga okha ndi nsalu yakuda yotsala ku jekete la munthu, ndipo inakhala bwino kuposa ya m'sitolo. Sabata zitatu anapalasa okha m'mamawa, kuzungulira bwalo la mpira, kuphunzira kusintha magiya popanda kulira kwa tcheni. Matako anadandaula, koma msana ndi khosi zinali zii.

Lamlungu lachinayi analowa m'gulu. Pamsewu wosalala anayenda nawo bwino lomwe, miyendo ya makina ija itakumbukira ntchito yake. Atafika pa chitunda cha kuthanki anzawo anayamba kuwapitirira mmodzimmodzi. Womaliza kuwadutsa anali mnyamata wina wamtali, watsopano m'gululo, ali pa njinga yofiira ija. Inamukhala ngati anabadwa nayo. Atelala anamva kansanje kakuwabaya pamtima, ndipo mpweya unayamba kuwathera. Mwendo wina unkati tsika ukankhe, palibe akuona. Iwo anaika giya yopepuka, anaweramira pahandulo, n'kumaponda pang'onopang'ono, kumanja, kumanzere, osayang'ana kumwamba.

Pamwamba anapeza gulu lonse litaima pamthunzi wa thanki, likuwadikira. Anafika thukuta lili kamukamu, anagwira mabuleki, njinga n'kuima pamene iwo anafuna. Anthu anaomba m'manja. Atelala anayamba apuma kaye, kenako anamuyang'ana mnyamata wamtali uja ndi diso la ntchito, kuyambira paphewa mpaka pabondo.

"Yakukhala, mphwanga. Usaisinthe chilichonse."

"Zikomo, madala. Koma ine ndimayesa mutsika pakati paja."

"Kutsika ndinatsika kale, pa njinga yakoyo, kwa Sipanala," anatero Atelala, akutulutsa foni m'thumba. Anaimbira mayi akunyumba.

"Mayi, ndili pamwamba. Ayi, sindinakankhe. Ndafika ndili pachishalo."