Chala pa galasi la kumanzere

Kwa zaka zitatu mkazi wanga ankagwira ntchito yowerenga mabwato ku Nkhudzi. Ankaima pathanthwe kuyambira m'mawa, magalasi oonera patali ali kumaso, n'kumalemba ngalawa zonse zolowa m'madzi. Magalasiwo ndinamugulira ndine kwa wamalonda wina wa ku Chiponde. Anali opakidwa utoto wofiira wonyezimira, ndipo ankaoneka apamwamba.

Dzuwa likafika pamutu madzi ankathwanima, m'magalasimo n'kungoyera mbuu. Ankabwera kunyumba maso ali psuu. Anandiuza kangapo kuti alipo ena okutidwa ndi kautoto kobiriwira pagalasi lililonse, ngakhale pa timagalasi ta m'kati totembenuza chithunzi, kuti kuwala kusamwazike. Ine ndimaphunzitsa sayansi kusekondale. Zimenezi ndinaziphunzira ku koleji, ndipo ndinkadziwa kuti akunena zoona. Ndinamuyankha kuti galasi ndi galasi.

"Aphunzitsi," anatero akuseka, "mutu ukuwawawu ndi wanga, si wanu."

Anadwala masiku asanu ndi anayi. Za matendawo sindilemba.

Patapita sabata chiikireni maliro, ndinatsegula chikwama chake cha kuntchito. Munali magalasi aja. Pagalasi la kumanzere panali chidindo cha chala chake chachikulu, cha mafuta odzola, mizere yonse ikuoneka. Munthu yemwe ankakalipira aliyense wokhudza galasi ndi dzanja. Ayenera kuti tsiku lomalizalo thupi linali litayamba kale kumuvuta.

Sindinapukute. Mnzake wa kuntchito, bambo wachikulire, atabwera kudzandiona n'kuona chidindocho anandichenjeza kuti mafuta a chala amadya utotowo, ndipo chinyezi cha kunyanja chimameretsapo nkhungu. Ndipukute msanga, kapena ndingogula abwino. Ndinati ndamva. Zithunzi za mkazi wanga ndinali nazo zambiri mufoni, koma chalacho chinali chinthu chokhacho chimene thupi lake linasiya m'nyumba mwanga.

Akwawo ndi Asilamu. Itayandikira sadaka ya tsiku la makumi anayi, apongozi anga, mayi ake, anatumiza uthenga kuti katundu wake yense apite kwawo akachapidwe asanagawidwe kwa abale. Ndinaganiza zochotsamo magalasiwo. Koma ine ndine mkamwini wobwera, ndipo abale ankawadziwa. Akanati ndikubisa katundu wa maliro. Zofotokozera apongozi za chala cha mwana wawo ndinachita nazo manyazi. Ndinangovundikira magalasi onse ndi zivindikiro zake, n'kupereka chikwamacho.

Sadaka itatha apongoziwo anandiitanira kukhonde. Anakhala pamkeka chakutali pang'ono, monga zimakhalira, n'kukankhira kwa ine kanthu kokulunga m'chitenje.

"Bambo, izi tengani ndinu. Ife ntchito yake sitiidziwa. Zinali ndi litsiro, ndiye ndakwecha ndi mchenga pamodzi ndi mapoto ake. Taonani mmene zayerera."

Zinalidi zitayera. Kufiira kuja kunali kutachoka, chala chinali chitachoka, patangotsala timizere ta mchenga tozungulirazungulira. Ndinayang'ana manja awo. Anali atang'ambika ndi sopo, chifukwa anachapa zonse okha masiku awiri.

"Zikomo, amayi. Mwagwira ntchito."

Mwezi wotsatira bambo wa kuntchito uja anandipeza kusukulu masana. Anali atanyamula magalasi atsopano, obiriwira aja, omwe ofesi yawo inali itagula tsopano.

"Tayesani, aphunzitsi. Mungoyesa basi."

Ndinayang'ana kunyanja dzuwa lili paliwombo. Kuthwanima kunalibe. Ndinaona msodzi akukoka chingwe kutali kwambiri, ndinaona ngakhale chigamba cha pamalaya ake. Maso sanawawe n'komwe.

"Mwaona kusiyana?"

"Ndaona."

"Ndiye gulani anu. Akalewo atha ntchito."

Ndinawabwezera. Kusiyanako ndinkakudziwa zaka zitatu zonse zija, pamene munthu wofuna magalasiwo ankadya nane mbale imodzi. Ine mabwato sindiwerenga.

Akale aja ali pawindo. Ukayang'anamo umangoona nkhungu. Apongozi akabwera amawanyamula n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje, ndipo ine ndimawaleka.