Mlamba wa M'chitsime cha Apongozi

Ndivomereretu kuti ndine munthu wamantha, ndipo mwana wanga atabadwa manthawo anaswana. Ndinkawiritsa chilichonse. Mabotolo, masupuni, ngakhale kachidole kake kapulasitiki kamene kanasungunuka khosi m'poto n'kutuluka kakuyang'ana cham'mbali. Ku koleji ndinatenga satifiketi ya zaukhondo wa chakudya, ndipo zithunzi za tizilombo ta m'madzi zimene anationetsa kumeneko sizinandichoke m'mutu mpaka lero.

Okutobala wa chaka chimene mwanayo anali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ku Nangongwe kunatentha moti malata ankalira okha masana. Mpopi wapabwalo unkangotsokomola. Bambo a mwana ankalawirira kukakwera minibasi ya ku Lusaka, ine n'kutsala ndi kamtsikana kotupa khosi lonse ndi thukuta, kakulira, inenso ndikulira. Apongozi anga aakazi atamva anatuma mlamu wanga, mchemwali wamng'ono wa amuna anga, kuti adzanditenge.

Banja la amuna anga ndi la asodzi akalekale. Chaka chilichonse dzuwa likafika poipa amatseka nyumba za m'tauni n'kupita ku dziwe lina lalikulu m'mbali mwa mtsinje, kumene mabanja angapo ali ndi tinyumba tabango. Amakhala kumeneko mpaka mvula itagwa. Ine ndinali ndisanapiteko, ndipo apongozi anga ndinkawaopa. Sikuti anandikalipirapo. Vuto linali lomwelo, sankandiuza chilichonse, choipa kapena chabwino. Ndikagwada kuwapatsa moni ankayankha, kenako n'kufunsa za mwana basi. Ndinkafunitsitsa kuti tsiku lina adzandiyang'ane ngati munthu wodziwa kanthu.

Mlamu wanga ataona katundu wanga anakhala pansi ndi kuseka.

"Ba mulamu, tiyenda ku dziwe olo tisamukira ku Dubai? Ichi n'chani?"

"Bafa la mwana."

"La pinki. Ba ng'ona bazamvera jelasi."

Koma dziwelo ndinalikonda tsiku loyamba lomwe, ndipo ndinachita manyazi ndi mmene ndinalikondera. Mphepo inkachokera pamadzi n'kulowa m'mipata ya bango. Mwana anagona maola atatu osadzuka, mpaka ndinaika khutu pachifuwa pake kawiri. Madzulo ana ankadumphira pamalo osaya amene amuna anatchinga ndi mitengo kuopa ng'ona, akazi akuumika nsomba pautsi uku akutukwanizana mwachibale, wina akuimba kolasi ya kutchalitchi, wina akuisandutsa nyimbo yonyoza amuna ake. Loweruka lililonse mudzi wonse unkalowa m'madzi kukoka namasupuni, udzu woyandama uja umene umatseka njira ya mabwato, n'kuuunjika kumtunda kuti uume. Ndinakoka nawo mpaka manja anachita matuza, ndikuseka ngati mwana wasukulu.

Malamulo a madzi apongozi anandiuza titangofika, ali chiimire. Zovala timachapira kumunsi, pamiyala. Madzi a sopo sabwerera m'dziwe, amathiridwa m'dzenje kuseri kwa zitsamba. Matewera safika n'komwe kugombe. Madzi akumwa ndi a pachitsime chokha, chimene chinakumbidwa chapatali pang'ono ndi gombe. Chinali ndi chivundikiro chalata ndi ndowa imodzi yachingwe, yosaloledwa kukhudza pansi, yopachikidwa pamtengo wamphanda. Mabanja ankasinthana kuchiyang'anira, sabata imodzi banja limodzi, ndipo sabata imeneyo inali ya apongozi.

Tsiku lachitatu ndinapita kukatunga ndekha. Nditasuzumira ndinaona chinthu chakuda chikugwedezeka pansi pa madzi, chachitali ngati mkono wanga. Ndinati ndi chisanza chowola, kapena chinthu chakufa chimene chinagweramo. Zithunzi za ku koleji zonse zinabwerera nthawi imodzi. Anthu onsewa akumwa zimenezi, ndipo ine ndi amene ndinaphunzira. Kufunsa apongozi sindikanatha, kukanakhala ngati kunena kuti chitsime chawo n'chauve. Ndiye ndinaganiza zowathandiza mwakachetechete.

Masana, anthu onse atagona m'mithunzi, ndinabereka mwana, n'kutenga botolo la klorini limene ndinabwera nalo, n'kulikhuthulira lonse m'chitsime. Ndinabwezera chivundikiro bwinobwino. Pobwerera ndinkayenda ngati ndapulumutsa chigawo chonse, botolo lopanda kanthu nditalibisa m'chitenje, pakati pa msana wanga ndi mimba ya mwana.

Sipanapite nthawi yaitali mlamu wanga anapita kukatunga. Ndinamumva akukuwa.

"Amai, bwerani. Ba landilodi bagona chagada!"

Mudzi wonse unadzuka. Ine ndinathamanga nawo ndikuganiza kuti pali bambo wina amene wakomoka, ndikukumbukira kale zimene tinaphunzira za munthu wokomoka. Nditafika ndinapeza akazi atazungulira chitsime, ndipo pamwamba pa madzi panayandama mlamba waukulu, mimba yake yotuwa ikuyang'ana kumwamba, ndevu zitalefuka.

"Nsomba yalowa bwanji m'chitsime?" ndinanong'oneza mlamu.

"Yalowa? Ni nyumba yake. Ife ndise ma tenanti chabe."

Anandifotokozera mwachangu uku akumanga chingwe m'chiuno. Mlambawo anauikamo dala zaka zapitazo. Umadya mphutsi za udzudzu ndi tizilombo togweramo, koma ntchito yake yaikulu ndi ulonda. Ukakhala wamoyo, anthu amadziwa kuti m'madzi simunalowe choipa. Kale mankhwala opopera masamba anatsetserekeramo kuchokera kumadimba, mlamba wa nthawi imeneyo n'kufa m'mawa munthu asanamwe, ndipo palibe mwana amene anadwala. Chiyambire pamenepo woyang'anira chitsime amayamba wapereka moni kwa mlamba asanalole aliyense kutunga.



Anamutsitsa mlamu m'chitsime, iye n'kukwera atakumbatira mlamba ngati khanda. Makha ake opumira ankayendabe pang'onopang'ono. Apongozi anati pafunika chotengera chachikulu ndi madzi a m'dziwe, msangamsanga, koma mabeseni onse anali ndi nsomba zamchere. Sindikudziwa kuti ndinaganiza nthawi yanji. Ndinangozipeza ndikuthamanga ndi bafa la pinki lija, limene ndinkalitsuka ndi madzi owiritsa okhaokha, ndikulimiza m'dziwe ndi matope ake omwe, mwana kumsana akuseka chifukwa cha kudumphadumphako. Pobwerera theka la madzi linathera pa ine.

Tinamugoneka mlamba m'bafa. Anagona cham'mbali. Amai ena a m'kanyumba koyandikana ndi kathu, odziwika ndi pakamwa, anayamba kumupempherera mokweza, akudzudzula mzimu wa imfa, ena akuyankha ameni uku akubisa nkhope m'zitenje kuti asaseke. Wina ankamupepesa ndi mbale. Wina ankamufunsa ngati analemba wilo. Kenako mchira unagwedezeka kamodzi, n'kumenya madzi mwamphamvu mpaka anathovukira m'kamwa mwa opempherawo, ndipo tonse tinagwa ndi phwete. Inenso ndinaseka, kuseka kwa munthu amene akudziwa kuti zake zikubwera.

Zinabweradi. Amai opemphera aja anapukuta kumaso, n'kununkhiza ndowa ya pachitsime.

"Aya madzi yanunkha chipatala. Sabata ino ni ya bandani?"

Onse ankadziwa. Lamulo lake linali lakuti chitsime chikaonongeka pa sabata yako, wochiononga osadziwika, banja lako limachotsedwa pa mndandanda wa oyang'anira. Apongozi anga anayamba kuyang'anira chitsimecho asanabereke amuna anga. Anaima pamenepo manja ali kumbuyo, osadziteteza, akungoyang'ana chivundikiro chalata chija.

Ndikanatha kukhala chete. Palibe anandiona. Botolo linkandibaya pamsana. Ndinaganiza za minibasi yobwerera ku Nangongwe, za kufotokozera amuna anga, za zaka zonse zikubwerazi ndikupatsa moni munthu amene sadzandikhululukira. Kenako ndinaganiza za iwo akutunga chaka chamawa ngati mlendo pachitsime chawo chomwe. Ndinagwada m'matope momwemo, n'kusolola botolo, n'kuliika patsogolo pawo ndi manja awiri.

"Amai, ndine. Ninathira klorini."

"Yambiri bwanji?"

"Yonse."

Kenako mlamu wanga anatulutsa kamawu ngati ka mbuzi n'kukagwera pa mulu wa namasupuni.

"Botolo yonse," anatero amai opemphera aja, akulitembenuza kuti aone ngati mwatsala kadontho. "Mwana wanga, klorini tonse tili nayo. Kachivundikiro kamodzi m'chigubu, kunyumba kwako, wayembekeza, wamwa. Uganiza tinabadwira m'bango ise?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Pakhomo pa kanyumba kalikonse panali chigubu chotseka bwino, ndipo masiku atatu onsewo ndinkazidutsa osadzifunsa. Ngakhale madzi amene ndinkamwa kwa apongozi anali othira kale.

Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali, kuposa nthawi zonse zimene anandiyang'anapo kuziphatikiza pamodzi.

"Mulandu ni wanga," anauza akaziwo. "Ninamuuza za sopo, ninamuuza za matewera. Za mlamba sininamuuze. Ninayesa aliyense adziwa." Anatembenukira kwa ine. "Koma wokapa ndiwe. Bweretsa mwana kuno."

Anandiveka ovolosi ya malemu apongozi aamuna, yopinda katatu m'miyendo, n'kunditsitsa ndi chingwe. Madzi anandifika m'chiuno, ozizira mokoma moti ndinakuwa. Ndinkadzaza ndowa, iwo n'kukoka, n'kupatsirana pamzere mpaka kudzenje la madzi a sopo, chifukwa apongozi anakaniza kuti dontho ngakhale limodzi lipite kudziwe kumene kuli tiana ta nsomba. Pamwamba ndinkangoona bwalo la thambo ndi mitu yosinthanasinthana. Akazi anayambitsa nyimbo yongopeka pomwepo, yonena za mkazi wa m'tauni amene anafuna kuchapa nsomba, ndipo ine pansipo ndinkavomereza, mawu anga akumveka aakulu ngati a mbusa pa sipika. Ndowa iliyonse inkandidonthezera matope kumutu.

"Ba mulamu, muli shani uko ku ofesi?"

"Nili bwino. Ma fayilo yachuluka chabe."

Tinakapa mpaka pansi, n'kudikira kuti madzi atsopano abwere, n'kukapanso. Mawa lake tinabwereza. Masiku amenewo mudzi wonse unkatunga kudziwe n'kumawiritsa pambaula, ndipo aliyense wodutsa ndi nkhuni ankandipatsa moni mwaulemu wonyanyira. Mlamba anakhala m'kanyumba kathu, m'bafa la pinki, titaphimba ndi ukonde kuti asadumphe. Ndinkamusinthira madzi kawiri pa tsiku ndi kumukumbira nyongolotsi, ine amene sindinkagwira ngakhale chala cha nkhuku popanda kusamba kawiri. Mwana ndinkamusambitsira m'ndowa, ndipo akangotuluka ankakwawira kubafa kukalankhula ndi mnzake wandevuyo. Bambo ake ataimba foni kufunsa za mwana ndinati ali bwino, koma mlamba sanadye bwino m'mawa. Anangofunsa ngati ndikumwa madzi okwanira.

Tsiku lachitatu chiyambire kukapa, m'mawa, apongozi ananunkhiza ndowa, n'kugwedeza mutu kuti zatheka. Tinanyamula bafa tili awiri, iwo mbali ina ine mbali ina, akazi onse akutitsatira ngati tikuperekeza mkwatibwi. Mlamu anamutsitsa mlamba ndi ndowa. Anazungulira kamodzi, n'kumira pansi osatsanzika.

Ndinkayesa zatha. Koma apongozi anatunganso, n'kudzaza kapu yachitsulo, n'kundipatsa.

"Woononga ndiye ayamba kumwa. Pamaso pa onse."

Madzi osawiritsa, osathira kanthu, mmene mwangolowa nsomba imene ndinaidyetsa nyongolotsi ndi manja anga. Ndinayang'ana m'kapumo ndipo ndinkatha kutchula mayina a zonse zimene zikanakhalamo. Akazi ena ankaluma milomo. Apongozi sankaseka. Ankadikira, ndipo ndinazindikira kuti dzina lawo pa mndandanda uja linali lisanabwerere mpaka kapuyo itatha.

Ndinatseka maso n'kumwa yonse. Anali ozizira, akumveka dothi pang'ono. Nthungululu zinalira, amai opemphera aja akulengeza kuti sabata ya apongozi iwonjezeredwe masiku atatu amene anatayika.

Pobwerera ndinayenda pambuyo pawo ndi bafa lopanda kanthu, ndikumvetsera m'mimba mwanga ngati muyamba kulira. Ndinalimba mtima.

"Amai, koma ya mwana nizapitiliza kuwiritsa."

"Nanga ine ana banga n'nali kubapatsa yabwanji?" anatero osatembenuka. "Mawa uuke m'mamawa. Uzayamba ndiwe kumupatsa moni mlamba, ine mawondo yavuta."