Makala a Pansi pa Bedi

Anthu a pa esiteti ya tiyi ankati ndinakwatiwa ndi mphunzitsi wa sayansi, koma ine ndinkati ndinakwatiwa ndi wootcha makala wosagulitsa. M'nyumba ya sukulu imene tinkakhala, pansi pa bedi panali timatumba todzaza makala, ndipo ine mwini khitchini sindinkaloledwa kuphikira ngakhale khala limodzi.

Amuna anga ankafufuza chinthu chimodzi basi. Ankati m'khala muli timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo khala lootchedwa pa moto waukali limadutsitsa magetsi ngati waya, pamene makala a pamsika wa ku Luchenza amakana. Ankadula timitengo ta bulugamu, n'kutitsekera m'zitini, n'kukapempha osonkhezera ng'anjo ya ku fakitale ya tiyi kuti awaikire, china pakhomo pa ng'anjo, china m'kati mwenimweni. Chopimira kutentha analibe. Ankangoyang'ana mtundu wa moto, ndipo nzeru imeneyo ankati anaibwereka ku nyenyezi. Tikangotha kudya madzulo ankandikokera pakhonde n'kuloza kumwamba.

"Yofiirayo ndi yozizirirako, mayi. Yoyera mbee iyo ndiye ng'anjo yeniyeni."

Ine ndinkayankha kuti nyenyezi sizitsuka mbale, n'kulowa m'nyumba.

Thumba lililonse ankalimanga ndi kansalu kosonyeza moto umene unaotcha makalawo, kofiira, kachikasu kapena koyera. Mphunzitsi wina wa ku koleji ku Zomba anali atawalonjeza kuti akabweretsa makalawo adzawapima ndi makina, ndipo zotsatira zake zidzasindikizidwa ndi dzina lawo. Ana tinalibe. Dzina lawo ankafuna kulisiya pamenepo.

Kenaka anayamba kuonda. Masiku amenewo mankhwala otalikitsa moyo tinkangowamva pa wailesi, kwathu anali asanafike. Ndinayenda nawo ku kiliniki ya pa esiteti, ku chipatala cha boma, ngakhale kwa sing'anga wa ku Chimaliro kumene anapita akunyinyirika, koma munthu ankangotha ndikuona. Atalephera kupita ku kalasi ankayesera makala ali chigonere, mabatire a tochi ndi kababu zili pachifuwa. Kababu kakayaka ankamwetulira, ine mtima ukundipweteka.

Tsiku lina anandigwira dzanja. "Mayi, ine ndikapita, matumbawa mukawapereke ku Zomba. Musawasakanize. Akasakanikirana asanduka makala wamba."

"Mukupita kuti inu? Mukapereka nokha," ndinawakalipira. Koma ndinavomera.

Anamwalira m'nyengo ya chiperoni, mvula ya mawawa ikungogwa osaleka. Nkhuni zonse zinali zonyowa, ndipo thirakitala ya esiteti imene inkabweretsa zouma inatitimira m'matope. Mantha anga onse anali pa alamu anga, kuti atenga njinga ndi wailesi. Za makala sindinaziganize n'komwe, chifukwa palibe amene amalanda makala pa maliro.

Pofuna malo okhala azimayi m'siwa, anthu anatulutsa bedi. Matumba aja anaonekera.

Namfedwa sadzuka. Amakhala pamphasa pafupi ndi mutu wa malemu, atafunda chitenje, mpaka bokosi litatuluka. Ndili pamenepo, ndinaona kudzera pakhomo amayi a kumpingo akumasula tinsalu tija, akukhuthulira thumba lofiira, lachikasu ndi loyera m'beseni limodzi. Ndinayesa kuimirira, koma apongozi anga anandipanikiza pa ntchafu.

"Khalani pansi, mwana wanga. Anthu akukuonani."

"Amayi, makala ajawo ndi a ntchito yawo. Chonde aletseni."

"Ntchito yawo yatha. Adzukulu akumba manda m'mvula chiyambire m'mawa, asamwe tiyi?"

Ndinatembenukira kwa mayi amene anali kumanzere kwanga, ndinamupempha, ndinamugwira mwendo. Iye anaganiza kuti chisoni chandizunguza mutu. Anandisisita pamsana n'kuyambitsa nyimbo, ndipo siwa yonse inalandira. Mawu anga anamira m'menemo.

Panja ndinamva wina akudandaula pa mbaula kuti, "Makala anji osagwira moto awa?" Ndinadziwa kuti ndi a moto woyera aja, amene amuna anga ankawanyadira kwambiri. Anawathira parafini. Fungo lake litalowa m'nyumba ndinalira mokuwa, kulira kumene sindinalire ngakhale pamene amuna anga ankatsirizika. Azimayi anagwedeza mitu n'kumati ndinkawakondadi amuna anga. Sananame, koma sanadziwe chimene ndinkalirira. Kapu ya tiyiyo anandibweretsera, ndipo anandiumiriza kumwa.

Maliro atatha ndinapeza makala ochepa m'beseni muja, tinsalu titapondedwa m'matope. Ndinalumikiza mawaya ku mabatire ndi kababu kaja monga ndinkaonera amuna anga akuchitira. Ena anakana, koma khala limodzi linayatsa kababu kuti ngwee. Ndinalikulunga m'mpango, n'kukwera minibasi ya ku Limbe, kenaka ya ku Zomba.

Mphunzitsi uja anandilandira mwaulemu, anandipepesa, anandipatsa mpando. Ndinamasula mpango patebulo pake. Analinyamula khalalo mosamala, n'kundifunsa modekha kuti, "Mayi, limeneli linachokera pa moto uti?"

Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Linali lakuda ngati anzake onse.