Nyanja ya m'nyumba mwa ba Edness

Anzanga, mvula ndi imene inandilowetsa kwa ba Edness. Ine mwa ine ndekha sindikanalowa.

Ndinkachokera ku Mpanshya pa njinga, nditanyamula uchi wokagulitsa pa msika wa Rufunsa. Mvula itatsika ndinathawira pakhonde lina la m'mbali mwa msewu. Mkati ndinamva mafunde... mafunde, kuno kwathu kumapiri!

Chitseko chinatseguka. Mayi wa imvi, magalasi pamphuno, m'manja muli kanthu kakuda ka mabatani.

"Atate, mwanyowa. Ngenani."

"Ine sindilowa m'nyumba za eni ngati nkhuku."

"Basi imililani pamene apo. Ine nili pa nyanja, boti yanga izagunda mwala."

Ndinalowa.

Dzina langa ndine Chilala. Sukulu sindinapondeko, ndipo sindinaisowepo. Koma nyanja ndinali ndisanaione chibadwire, ndipo tsiku limenelo ndinaiona pa TV ya mayi ameneyu, yabuluu, yopanda tsidya.

Ba Edness anachokera ku Lusaka ndi ntchito ya boma, atapuma pa ntchito anakhalirira konkuno. Amuna awo anamwalira, monganso mkazi wanga. Nyanjayo inali ya m'makina a gemu, masewera a pa TV, amene mwana wawo Cephas anawasiyira kuti asamasungulumwe.

Anandipatsa kogwirira kena ka mabatani, konga kawo kaja. TV inagawika pakati, boti lawo pamwamba, langa pansi. Waya wa kogwirira kanga unali waufupi, choncho ndinayenera kukhala pa benchi yomweyo, phewa kukhudza phewa.

Ndinagunda mwala. Ndinagundanso wina.

"Ba Chilala, kansi njinga mumayendetsa bwanji?"

"Njinga ili ndi mabuleki, mayi!"

Anaseka mpaka kuvula magalasi.

Kuyambira pamenepo uchi wanga unkathera pa nyumba imodzi. Masana aliwonse a msika tinkamwa tiyi, kenako n'kulowa m'madzi. Tinali ndi chilumba chathu cha mchenga woyera, kumene tinkakocheza maboti moyandikana n'kungokhala phee, mbalame zikuzungulira.

"Tikakalamba tizakhala apa," anatero tsiku lina.

"Takalamba kale."

"Basi tafika."

Anzanga, popalasa kubwerera ku Mpanshya, minda ya chimanga inkandiwinduka ngati mafunde. Munthu wamkulu ine, kumaimba pa njinga!

Chaka chitatha anandiuza kuti Cephas akubweretsa makina atsopano.

"Awa afa?" ndinafunsa.

"Sanafe."

"Nanga?"

"Simuona mafunde mwamene amadukizila? Tikafuna kungena pa doko timayembekeza mpaka tiyi yazizila. Ya manje ni yamphamvu, siima. Madzi muzaona mpaka pansi, na nsomba. Na magemu ya manje yakana pali aya akale."

"Njinga yanga ndi yakale, koma imandifikitsa kuno."

Anandigwira dzanja. "Ni yathu tonse, ba Chilala. Nyanja ni imodzimodzi, koma yosamba kumaso."

Ndinawakhulupirira.

Ndipo sindinama, anzanga, atayatsa makinawo ndinaiwala kupuma. Dzuwa linkalowa m'madzi mpaka pa mchenga wapansi. Madontho a mvula ankatsetsereka pa thabwa la boti, lililonse palokha. Ndinatambasula dzanja kuti ndikhudze. Pamenepo ndinamvetsa chimene anthu amasiyira makina amoyo n'kugula ena: ukaona zotere kamodzi, maso sabwereranso m'mbuyo.

"Tsopano igaweni," ndinatero. "Langa lili kuti?"

Ba Edness anadinadina mabatani. Anaimbira Cephas. Atadula foni sanandiyang'ane.

"Ati iyi siigawika. Munthu mmodzi, makina yake. Anzako amangena pa netiweki."

"Ndiye tibwezeretse akale aja."

"Cephas anayapeleka ku shopu posinthanitsa..."

Ndinakhala pa benchi manja ali pamaondo. Kogwirira katsopano kanalibe waya, ndipo ba Edness anasamukira pa mpando wa pawindo. Anavala zomvera m'makutu. Mafunde onse analowa mmenemo, ine ndinatsala ndi chithunzi chopanda mawu.

Masabata akupita, ndinayamba kumva dzina.

"Ba Obby, kumanzele! Ah, imwe naimwe!"

Kuseka kuja kovula magalasi, tsopano kunkapita ku Lusaka, kwa dalaivala wina wopuma ntchito amene ankasewera naye pa netiweki, munthu amene sindinamuonepo.

Ba Edness anayesa, ndisawanamizire. Anandipatsa zomverazo. "Apatseni moni ba Obby."

"Ine sindipereka moni kwa mwamuna amene sindikumuona m'maso."

"Basi tizipatsana. Imwe pang'ono, ine pang'ono."

"Sindine mwana woima pamzere."

Ndinasiya kupita. Ndinati akandisowa adzakwera minibasi, Mpanshya si kutali. Ndinkasesa pabwalo m'mawa uliwonse, ndikuyang'ana kunjira.

Chimanga chinacha, tinakolola. Sanabwere.

Nditapita ndekha ndinapeza katundu ali m'matumba.

"Niyenda ku Lusaka, kwa Cephas. Kuno netiweki imaduka maningi."

"Netiweki, kapena ba Obby?"

Anapukuta magalasi nthawi yaitali.

"Ba Obby nikaitana amabwela, ba Chilala."

"Munati ndi yathu tonse."

"Nenze kuganiza ni mwamene izakhalila."

Ndinanyamula bokosi la makinawo, ndinalimanga pa njinga yanga, ndinalikankha mpaka pa siteji, iwo akuyenda pambuyo panga. Basi itafika ndinalikweza ndekha.

"Iwe kondakitala," ndinatero, "usaike thumba la makala pamwamba pa bokosi ili."

"Muli chani, mdala? Mazila?"

"Muli nyanja."

Kondakitalayo anaseka, basi inanyamuka. Ba Edness anaika chikhatho pa galasi. Ine dzanja langa linakana kukwera, ndipo mpaka lero ndimalikwiyira.

Anzanga, munthu akakuuzani kuti chatsopanochi ndi chathu tonse, mufunseni msanga kuti inu mudzakhala pati. Ine ndinafunsa atayatsa kale.