Masamba Khumi ndi Awiri a Nambala Naini

Ndili ndi mabuku khumi ndi anayi a nthano za ana, a msana wobiriwira, olembedwa nambala kuyambira wani mpaka fotini. Limodzi mwa mabukuwa ndi losokedwa ndi ulusi wakuda, ndipo mlendo aliyense akaliona amafunsa chimene chinachitika. Ndikayamba kuyankha, mayi a kunyumba amadzuka n'kupita kukhitchini. Ndiye ndaganiza zolemba nkhaniyi kamodzi kokha, kuti wofuna kudziwa aziwerenga yekha.

Mabukuwa ndinayamba kuwasonkhanitsa ndikuphunzitsa ku Ngokwe. Amasimba za mtsikana wina ndi mlongo wake, ana a mmisiri wa matabwa, ana osadziwa kukhala pansi. Buku lililonse limathera pomwe linzake likuyambira. Sindinawapeze tsiku limodzi. Anayi oyamba ndinagula m'sitolo kuno ku Balaka. Ena ndinawatola pamsika, atayalidwa pa saka pakati pa nsapato za kaunjika. Nambala leveni ndinachita kusinthanitsa ndi nkhuku kwa mphunzitsi mnzanga, ndipo kapepala kamene tinasainirana tsiku limenelo ndikadali nako. Zinanditengera zaka zisanu ndi ziwiri kuti mzere ukwanire.

Mwana aliyense ndinkamubwereketsa, ku Ngokwe komanso kuno nditapuma pa ntchito, koma pa malamulo atatu. Loyamba, wobwereka asaine m'kope. Lachiwiri, asanatenge buku lotsatira alembe ndemanga ya tsamba limodzi: chimene chamusangalatsa, chimene chamunyansa, ndi chifukwa chake. Lachitatu, ndemanga isaulule mathero, chifukwa mnzake wobwera pambuyo adzaiwerenga. Ndemanga zonsezo ndili nazo m'mafaelo, buku lililonse faelo yake. Palibe ndi imodzi yomwe imene ndinataya.

Pa zaka zonsezi lamulo loyamba ndinaliswa kamodzi. Kamodzi kokha.

Alamu anga, mlongo wawo wa mayi a kunyumba, amakhala ku Nkaya. Ndi iwo ankhoswe a banja lathu. Tsiku lina atabwera kudzationa, tamwa tiyi, anaima pa shelefu n'kusolola nambala naini.

"Alamu, aka kali ndi sitima pachikuto. Ndikamupatse mwana wanga uja, amakonda masitima."

Ndinati, "Bwanji mutayamba ndi nambala wani?"

"Wani mulibe sitima."

Dzanja langa linali litafika kale pa kope losainira. Mayi a kunyumba anandiyang'ana, diso limodzi lokha, ndipo dzanjalo linabwerera. Nanga ankhoswe ako, amene anakulandira ukufunsira mbeta, ungawatulutsire kope n'kuwauza kuti sainani apa ngati mwana wa sitandade foro? Buku linalowa m'thumba la jekete. Atachoka ndinalemba ndekha ndi pensulo kuti "alamu," malo osainira n'kusiya opanda kanthu. Mpata umenewo unkandiyang'ana nthawi iliyonse ndikatsegula kopelo.

Mvula inagwa zaka ziwiri. Alamu akabwera ndinkafunsa mozungulira kuti mwana uja akuwerenga bwanji. Ankayankha kuti akuwerenga ndithu, n'kuyamba nkhani ya mitengo ya feteleza.

Kenako mdzukulu wathu wa sitandade seveni, amene timakhala naye, anayamba mzerewo. Mwana ameneyu amawerenga ngati akuthamangitsidwa. Pasanathe miyezi iwiri anali atamaliza nambala eyiti. Tsono eyiti imathera poipa: mtsikana uja walowa m'bogi ya katundu kutsatira kamwana ka mbuzi kamene kamuthawa, chitseko chatsekeka, sitima yanyamuka. Basi, buku latha. Mdzukulu anabwera ndi ndemanga yake m'manja, n'kuiika patebulo.

"Agogo, naini."

Ndinamuuza kuti adumphe kaye atenge teni.

"Inu nomwe munati wodumpha nambala ndi wakuba."

Ndinanenadi, ndipo zinalembedwa mkati mwa chikuto cha kope. M'mawa mwake ndinavala jekete n'kunyamuka ulendo wa ku Nkaya.

Alamu anandilandira bwino, mpando pansi pa mtengo wa mango, madzi, malonje ataliatali. Nditafika pa chimene ndinabwerera, anakanda kumutu.

"Kabuku ka sitima kaja? Aa. Kodi kanali kobweza?"

"Kanali kobwereka, alamu."

"Iyayi, alamu. Inu chinthu chobwereketsa mumalemba, dziko lonse likudziwa. Khasu lija munalemba. Mpope wa njinga munalemba. Aka simunalembe. Ife tinati alamu atipatsa."

Mawu amene anali pakamwa panga sanali oyenera ankhoswe. Ulemu umene ndinawapatsa ndi umene unandidyera buku. Chimene chinapweteka kwambiri n'chakuti sananame: pa khasu ndi mpope paja ndinalembadi, kungoti ndinalemba iwo akuona, osawasainitsa.

Nkhani yonse inatuluka pang'onopang'ono. Mwana wokonda masitima uja anali wa sitandade thu, kuwerenga asanakudziwe. Anaona chithunzi cha pachikuto, nakhutira. Buku linakhala pamwamba pa khoma mpaka akazi awo a alamu, posesa, analiphatikiza ndi mapepala ena n'kupatsa mayi wina woyandikana nawo, wogulitsa mtedza wokazinga pafupi ndi siteshoni.

Sindinadikire chakudya. Ndisanafike n'komwe pamalopo ndinakumana ndi bambo wina akuyenda, akutafuna, m'manja ali ndi kapepala kopindidwa ngati fanulo. Zilembo zake ndinazizindikira ndili patali. Ndikanamuimitsa, koma anapungulira mtedza wotsala m'kamwa, nakwinya pepalalo, n'kuliponya m'ngalande ya madzi akuda. Ndinaima n'kuliona likumira.

Mayiyo ndinawapeza atakhala pa mpasa, lichero la mtedza patsogolo, mpango woyera kumutu. Pa mwendo pawo panali nambala naini wanga, atamugoneka chafufumimba, chikuto chakumbuyo kulibe.

"Mayi, imani! Musang'ambenso!"

Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa. "Ambuje, moni kaye. Mwaswera bwanji?"

Ndinachita manyazi, ndinapereka moni, kenako n'kufotokoza. Anamvetsera dzanja lili pa tsamba, ngati munthu wogwira nkhuku yoti aizinge. Anati bukulo linali pansi pa mulu wa mapepala, analifikira sabata yomweyo, ndipo anayambira kumbuyo chifukwa ndi kumene kunali kosomphoka kale. Ndinawerenga manambala. Panasowa masamba khumi ndi awiri, onse akumapeto.

Ndinatulutsa ndalama kuti ndiliwombole. Anapukusa mutu.

"Ndalama sikulunga mtedza, ambuje. Mapepala kuno ndi ovuta. Mukatenga ili, mawa ndiziwathirira anthu m'manja? Bweretsani mapepala, mutenge buku lanu."

"Mapepala anji?"

"Alionse. Bola olimba. Nyuzi iyayi, imadetsa mtedza."

Ndinatulutsa kakope kanga ka m'thumba n'kulemba kuti mayiwa alonjeza kuti sang'ambanso tsamba lina mpaka mawa masana. Nditawapatsa cholembera, anaseka mpaka amayi anzawo ogulitsa nthochi anatembenuka.

"Walahi, sinding'amba. Ndanena pamaso pa Mulungu. Koma kapepala kanuko mukandisiyira, ndikulungira mtedza."

Anatenga bukulo, naliika pansi pa mpasa, n'kukhalapo. Aka kanali kachiwiri m'moyo wanga kusiya buku kwa munthu popanda siginecha, ndipo kawiri konseko linali buku lomwelo.

Kunyumba ndinatsitsa makatoni onse. Ine sinditaya pepala. Ndili ndi malisiti a wailesi imene inafa kalekale, makalata osamutsidwira sukulu, mapulogalamu a maukwati a anthu amene analekana. Tsopano ndinayenera kusankha kuti ndi ati akakulunge mtedza. Mayi a kunyumba anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Apatseni onse, bambo. Mwina tingaone mtundu wa khoma."

Ndinasankha mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza ndinatenga faelo ya makalata anga odandaula, amene ndinalembera maofesi osiyanasiyana ndipo sanayankhidwe: za kalavati yogumuka, za phokoso la chigayo, za anyamata a kabaza oimika njinga pakhomo la tchalitchi. Kalata iliyonse ndinkalemba ziwiri, ina yotumiza, ina yosunga. Zosungazo ndi zimene ndinanyamula, nditayamba ndalemba mndandanda wa mitu yake.

M'mawa mwake nditabwerera ku Nkaya, ndinapeza mayi a mtedza atasunga mawu awo. Anatulutsa buku pansi pa mpasa, lofunda, lonunkhira mchere, koma tsamba lina silinachoke. Makalata anga anawayeza m'manja, anapinda imodzi, nathiramo mtedza.

"Eee, ili ndiye pepala. Muli nawo ena?"

Patapita masabata awiri alamu anandiuza kuti munthu wina ku Nkaya anayamikira kalata ya kalavati, akuti inalembedwa mwaluso. Ndi yankho lokhalo limene kalata imeneyo inalandirapo.

Buku linabwerera, koma mtsikana uja anali adakali kutali ndi kwawo. Masamba otsalawo ankathera pomwe watsika pa siteshoni yachilendo, mbuzi ili m'manja, ndipo mayi wina wokalamba wogulitsa manachesi wamutenga. Mdzukulu anawerenga mpaka pamenepo, natembenuza, napeza tebulo.

"Agogo, ndiye zinatha bwanji?"

Ndinaganiza zolemba mathero ndi dzanja langa n'kuwasokerera. Bukulo ndinali nditaliwerenga katatu. Ndinkakumbukira kuti mtsikanayo anabwerera kwawo ndi mbuzi yake. Mayi a kunyumba, amene ankawerengera ana athu mabukuwa kalelo, anakana.

"Mbuzi inatsala kwa mayi a manachesi."

"Inabwerera."

"Inatsala, bambo. Ndinalira nayo ine mbuzi imeneyo."

Ndinatsegula nambala teni: mbuzi satchulidwamo n'komwe. Ndinati chabwino, mapepala atiweruza, n'kutsitsa faelo ya nambala naini. Munali ndemanga makumi atatu ndi imodzi. Ndinaziwerenga zonse, imodziimodzi. Wina anakonda sitima. Wina anadana ndi mlonda wa pa siteshoni. Aliyense akafika kumapeto ankalemba mwaulemu kuti mathero sanena, malinga ndi lamulo la aphunzitsi. Ana makumi atatu, omvera onse! Ya makumi atatu ndi imodzi inali yanga. Ndinalemba masamba awiri athunthu, ndinadzudzula wolemba kuti kumapeto anathamanga ngati akufuna kuweruka, koma chimene chinachitika sindinachitchule. Ndinakhala pakati pa mapepala onsewo ndilibe chogwira, mayi a kunyumba akusenda nandolo, akung'ung'udza kanyimbo kamene sindinakakonde.

Apo m'pamene ndinakumbukira envelopu ya khaki, yolembedwa kuti "Olakwa." M'menemo ndimasunga ndemanga zimene ndinazikana. Pansi penipeni panali ya mtsikana wina wa ku Ngokwe, wa sitandade sikisi, mwana wa mlimi wa thonje. Mwana ameneyu sanalembe ndemanga. Anangosimba mathero onse, kuyambira pa siteshoni mpaka pakhomo la mmisiri wa matabwa, masamba anayi a kope, zilembo zing'onozing'ono zothinana. Pamwamba pake panali inki yanga yofiira, mzere kuchokera ngodya ina kufika ina, ndi chilango: mwezi wathunthu osabwereka. Ndikukumbukira kuti analira, ndipo anati ankafuna kuti mng'ono wake, amene sankapita kusukulu, amve nawo.

Zonse zinalimo. Mlongo wake wa mtsikana wa m'buku uja anayenda wapansi motsatira njanji masiku awiri. Mmisiri wa matabwa sanamumenye mwana wake. Ndipo mbuzi inatsala kwa mayi a manachesi, mtsikanayo anawasiyira pothokoza.

Ndinawawerengera mayi a kunyumba. Anangopitiriza kanyimbo kaja, mokweza pang'ono.

Ndinakopera masamba anayiwo pa pepala loyera, liwu ndi liwu, ndinangokonza kalembedwe pomwe panalakwika. Pamwamba ndinalemba kuti mawu awa si a mwini buku, ndi a wowerenga wina wa ku Ngokwe, ndipo masamba enieni anathera mu mtedza ku Nkaya. Ndinasoka ndi ulusi wakuda, chikuto chakumbuyo n'kudula pa katoni ya sopo. Mdzukulu anamaliza tsiku lomwelo. M'ndemanga yake analemba kuti pa mabuku onse naini, mathero a ili ndi amene anamukomera kwambiri, chifukwa wolemba sanathamange. Ndemangayo ili m'faelo. Sindinayankhepo.

Mayi a kunyumba akuti ndimufunefune mtsikana wa ku Ngokwe uja, amene pano ayenera kuti ndi mayi wa ana ake, ndikamupepese. Ine ndikuti lamulo linali lamulo, ndipo analiswa. Chimene ndachita n'chakuti pepala lake ndalichotsa mu envelopu ya olakwa, ndaliika m'faelo ya naini, pamwamba pa langa. Ndawonjezanso lamulo lachinayi: wowerenga woyamba kumaliza buku lililonse alembe mathero pa pepala lapadera, timate mu envelopu, tisunge. A mabuku asanu ndi limodzi alembedwa kale.

Mwezi wathawu alamu anabweranso. Titamwa tiyi anaima pa shelefu, chala chikuyenda pa misana yobiriwira, n'kuima pa nambala thwelofu.

"Alamu, aka kali ndi galimoto."

Sindinayang'ane kumene kunali mayi a kunyumba. Ndinatulutsa kope, ndinatsegula, n'kuwapatsa cholembera.

"Apa, alamu. Ndi tsiku lobweza apa."

Anasaina. Mpata wakale wa naini uja anasainanso, chifukwa ndinawalozera.