Kanyenyezi Kamene Tonse Tinakavomera

Uthenga unandipeza kudimba, ndikuthamangitsa anyani m'chimanga. Foni inalira pa mfundo ya chitenje, ndinamasula ndi mano, ndipo mawu a mdzukulu wanga Dailesi anatuluka: "Ambuya, andilemba! Kuyesedwa kwatha, ntchito ndi yanga!" Ndinataya ndodo, ndinaimba nthungululu, anyani anaima n'kumandiyang'ana. Ndinawauza kuti idyani lero, idyani anzanga, Dailesi wakhazikika pa ntchito.

Koma inu owerenga, musanavine nane, yambani mwakhala pansi. Ntchito imeneyi ndinatsala pang'ono kuipha ine ndemwe, ndi pakamwa pomwepa poimba nthungululu. Sindinabe, sindinatukwane munthu. Ndinangoti eya, pamene mtima unkati sindikumva. Ndipo eya ameneyo ndinamugawira mudzi wonse.

Ine sukulu ndinangoilawa, choncho ntchito ya Dailesi ndikuuzani monga anandiuzira mwini wake. Nyumba zikuluzikulu za masiku ano, mahotela, zipatala, maloji, zili ndi makina ambiri: opopa madzi, oziziritsa zipinda, osunga magetsi a dzuwa. Makina onsewo amanena za umoyo wawo pa sikirini imodzi, ndipo pamakhala munthu woyang'ana. Tsono pafunika wina wojambula zooneka pa sikirinipo, kuti woyang'anayo akangoponya diso adziwe kuti uyu ali bwino, uyu wadwala, thamanga. Wojambulayo ndiye Dailesi wanga, amene ali mwana ankandithera makala pojambula njovu pa khoma la khitchini.

Atamaliza maphunziro ku Lusaka, kampani ina inamutenga kuti imuyese kaye. Mwamwayi kampaniyo inapeza ntchito pa loji ina ya m'mbali mwa Luangwa, cha ku Chinzombo, kumene amagwira Jakisoni, mwana wa mchemwali wanga, woyang'anira mapampu ndi magetsi. Mabwana anati poti Dailesi ndi mwana wa m'chigwa muno, wojambula akhale iyeyo.

Asanakaziike zojambulazo ku loji, anabwera nazo kuno ku Nsefu, pa kakompyuta kafulati konyamula m'manja. Anandipempha kuti ndimuitanire anthu osadziwa kwambiri Chingerezi, pamodzi ndi Jakisoni, amene kwa iye ndi amalume, kuti aone ngati zithunzizo zikumveka. Khutu linamva bwino, koma mutu wanga unamva zina. Unamva kuti mdzukulu wanga akudzaonetsa nzeru zake pamaso pa anthu amene ankati kuphunzitsa mwana wamkazi zojambula n'kutaya nthawi. Ndinayenda khomo ndi khomo. Mwaswera bwanji, taswera, ndiye ndinkanong'ona: akakufunsani muziti zili bwino, mwana wavutika ndi sukulu uyu, musandichititsire manyazi.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Anationetsa thanki madzi akukwera, tinaizindikira, tinaomba m'manja. Anationetsa pampu ikuzungulira, tinaizindikiranso. Kenaka anationetsa kanthu koyera ka timanja tambiri. Atakagunda ndi chala kanazilala, kanasanduka kotuwa ngati phulusa. Ine ndinaona nyenyezi, nyenyezi imene imazilala kukamacha. Jakisoni anatsegula pakamwa, anati, "Kodi aka…" Ine phazi langa linali kale pa chala chake. Ndi bambo wa ana ake, imvi zayamba, koma phazi langa amalidziwa kuyambira ali wamng'ono. Anameza funso lija.

Dailesi anafunsa ngati tamva tanthauzo lake, tonse tinati eya. Anabwereza, tinabwereza. Anandiyang'ana ine m'maso, anati, "Ambuya, mwamvadi?" Ndinati eya mwanawe, n'zokongola, manja ako ndi odala. Mwana sangapanikize akulu ndi mafunso pagulu. Anatseka kakompyuta kake akumwetulira, ndipo ine ndinapha nkhuku, ndikudziona ngati ndamuchitira chachikulu.

Zojambula zinaikidwa ku loji. Odzaikawo anafotokoza mwachangu m'Chingerezi, ndipo Jakisoni, poti anali atavomera kale pamaso panga, anachita manyazi kufunsa. Kunabwera kutentha kwa Okutobala, kuja kumene ngakhale mvuu zimasowa pobisala. Ophika anali atapita ndi alendo kukagona masiku angapo kumsasa wa m'tchire. M'mawa wina Jakisoni anaona kanyenyezi kaja katazilala, anati ndi magetsi a m'njira amene amazima kukacha, anapita kukakonza paipi imene njovu inathyola. Ophika pobwera anatsegula chipinda chozizira chosungiramo zakudya, fungo linawabweza pakhomo. Nyama, nsomba, mkaka, zonse anakakwirira kudzenje.

Mabwana a loji anamuuza Jakisoni kuti akadikire kunyumba. Dailesi anaitanidwa ndi mabwana ake, anamuuza kuti mwezi ukatha mwina asabwerenso.

Jakisoni anafika pano pa njinga dzuwa lili pamutu, anakhala pa mpando, madzi anakana. Anati, "Amayi, kanyenyezi kaja si nyenyezi." Anandiuza kuti ndi chithunzi cha madzi oundana amene amagwa ngati ufa kumayiko ozizira, ndipo kulikonse kumene anthu anazolowera makina, kamatanthauza kuzizira. Kakazilala ndiye kuti chipinda chatentha. Ife a m'chigwa, odziwa matalala okha, tikanakadziwira kuti? Sanandinene, sanatchule za phazi langa. Anangoyang'ana chala chake cha kumwendo, ine ndinamva zonse.

Inu owerenga, ndinalira ngati pagwa maliro. Ana anga awiri pansi tsiku limodzi, ndipo wowagwetsa ndi ine wowakonda. Ndinamuimbira Dailesi, ndinamuuza za khomo ndi khomo, za kunong'ona, za phazi. Anamvetsera zonse mpaka kumapeto. Kenaka anati, "Ambuya, ulendo wonse uja ndinadzera mawu amodzi okha, akuti sindikumva. Ondiyamikira ndili nawo kale." Mawu amenewo mpaka lero amandibaya ndikamapeta.

Koma mwana uyu ali ndi mtima. Anapita kwa mabwana ake, anati cholakwa ndi chithunzi, si amalume, ndipo nayenso analakwa kufunsa akulu funso loyankhidwa ndi eya. Anapempha kuti amulole akonze. Anamulola, koma anamuuza poyera kuti mwayi ndi womaliza.

Ndinayendanso khomo ndi khomo, tsopano mutu uli pansi, kumasula zimene ndinamanga. Ndinati bwerani mudzanene zimene maso anu akuona, ngakhale zipweteke. Pansi pa mango pomwe paja, Dailesi sanafunsenso kuti mwamva. Ankangopatsa munthu kakompyuta m'manja n'kunena kuti china chadwala apa, ndilozereni. Mayo ine, phokoso lake tsiku limenelo! Amake Loti anati batire yakoyi ikuoneka ngati bokosi la maliro. A Zulu, msilikali wa nyama za m'paki, anati pampu ikaima izikuwa, chifukwa munthu sangakhale maso pa sikirini ngati mlonda wa mapira. Ine ndinaloza paipi ndinati iyi ndi njoka, anthu anaseka mpaka misozi, Dailesi akungojambula n'kufufuta, kujambula n'kufufuta. Zina anatimvera, zina anatikanira n'kutiuza chifukwa chake, poti ntchito ndi yake.

Pa chipinda chozizira anajambula chitseko chokhala ndi nsomba. Kukazizira bwino nsomba ili phee. Kukayamba kutentha chitseko chimafiira, chimaphethira, pa nsomba pamatera ntchentche. Amake Loti atangoona anagwira mphuno. Dailesi anati basi, chithunzi chalankhula.

Zithunzi zatsopanozo zitaikidwa ku loji, Jakisoni anaitanidwa, anabwerera ku ntchito. Mvula itayamba makina aja anadwalanso, iye anaona ntchentche, anathamanga kukaitana okonza, palibe kanthu kanaonongeka. Uthenga wa kudimba uja unabwera pambuyo pa zimenezi.

Tsono mverani, anzanga olera ana. Mwana akabwera ndi ntchito ya manja ake n'kukufunsani, musamuphimbe ndi eya. Ine ndinkati ndikumuteteza ku manyazi a pansi pa mtengo, osadziwa kuti ndikumusungira manyazi aakulu pamaso pa mabwana. Ndipo inu achinyamata amene mukufuna ntchito ngati ya Dailesi, ntchito ilipo, nyumba zikumangidwa, makina akuchuluka. Koma musakhulupirire kuomba m'manja kwa abale anu. Mupatseni munthu chithunzi, mutseke pakamwa, muone kumene chala chake chikupita. Ine tsopano ngakhale kuchipatala, ngakhale kutchalitchi, ndikapanda kumva ndimaimika dzanja, ndimati bwerezani.

Dailesi atabwera kudzationa tinavina mpaka fumbi linakwera pamwamba pa mango. Anabwera Amake Loti ndi mphuno yawo, anabwera a Zulu atavala yunifolomu, anabwera a Mwale ophika a ku loji atanyamula nsomba yabwinobwino, anabwera Esinati ndi Tisa ndi Amake Fanuelo, anabwera a Sakala pa njinga kuchokera ku Mambwe, anabwera amayi onse a kwaya, Enelesi woyambitsa nyimbo ali patsogolo. Ndipo anabwera Jakisoni, Jakisoni mwana wa mchemwali wanga, anavina pafupi ndi ine, atavala nsapato zolimba.