Chitsa cha mkuyu wa ku manda akale

"Atsibweni, mtengo ndi mtengo basi! Akufawo akuufuna wachiyani?"

Anandikalipira choncho ndi Yosefe, mwana wa mlongo wanga, mwezi wathawu, nditamupeza akuunjika zipika za mkuyu pa uvuni wake wa njerwa. Ine ndine wa mtima wapachala, za zimenezo ku Namitete kuno safunsa. Dzanja linanyamuka lokha. Koma linaima m'malere, chifukwa ndinazindikira kuti mnyamatayo sankadziwa chimene wadula. Panalibe anamuuza.

Ine ndinauzidwa ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Mudzi wathu unali utasamutsidwa m'mbali mwa mtsinje wa Bua kuti pakhale esiteti ya fodya. Anthu ananyamula madenga, mbuzi ndi miono yawo, gule naye anasamutsa dambwe lake. Manda okha ndiwo anatsala, kankhalango kakuda pakati pa mizere ya fodya wa eni ake. Amayi anga anali momwemo. Anamwalira ndili woyamwa, nkhope yawo sindiidziwa.

Kwathu tinali anthu a biyo, mpanda uja wa mitengo ndi miyala wotchinga mtsinje poika miono. Munthu akamwalira sitinkamanga chiliza. Abale ankavuula mwala umodzi wosalala pa biyo la banja lake n'kukauika kumutu kwa manda. Chizindikiro chake chinali chomwecho.

Chaka chimenecho atsibweni anga a Lufeyo, mlongo wawo wa amayi, ananditenga kukalambula mandawo. Tinapita awiri okha. Abale enawo anali atatopa ndi kugwadira kapitawo wa pa esiteti popempha njira. M'nkhalangomo munali zii, ngakhale njiwa osalira. Munkanunkha masamba owola. Atsibweni ankatsokomola chifuwa chouma, akumalavulira kumbali kuti ine ndisaone.

Titagwetsa udzu, iwo anaima chilili. Miyala munalibe. Panangotsala timaenje. Matenanti, anthu ochokera kutali osadziwa za kwathu, anali ataitola kukachita mafuwa.

Ndinanyamula chikwanje. "Tiyeni tikawalande!"

"Khala pansi iwe," anatero atsibweni. "Ukalanda uti? Yonse yada ndi mwaye. Wa amayi ako ukaudziwa bwanji?"

Anandikokera pa mkuyu waukulu wa pakati pa manda. Anandiimika msana utatsamira tsinde, nkhope itayang'ana kumtsinje. Poyambira pake panali pamenepo. Kwathu munthu amagona ndi a bere lake, mayi pakati, ana ake m'mbali, ndiye ukangodziwa woyamba enawo amatsatana okha.

"Patsogolo pakopo agogo ako a Nabanda. Kumanja kwawo mwana wawo woyamba, Simoni, amene anamira pa biyo madzi atadzaza. Kenako amayi ako." Anatsokomola nthawi yaitali, kenako analoza kamalo kopanda mtumbira. "Apo panali panga. Koma kuno sadzandilola."

Anatchula mzere wonse mpaka kumalire, bere ndi bere, dzina lililonse ndi imfa yake. Atamaliza anati, "Bwereza."

Ndikaphonya ankandipotokola khutu, n'kuyambiranso pa mkuyu. Dzuwa linapendeka, njala inandipweteka, nyerere zikundiluma m'miyendo. Ndinalephera kudzigwira.

"Kodi bwanji osangotola miyala ina kumtsinjeko?"

Anandiyang'ana ndi maso ofiira. "Miyala anthu amatola, waona wekha. Ine ndikuika mwa iwe. Ukaiwala, chaka chamawa pa amayi akopa pamera fodya. Bwereza."

Ndinabwereza mpaka mawu anasasa. Atsibweni sanaione mvula ya chaka chimenecho. Tinawaika ku manda atsopano, kutali ndi mlongo wawo, monga ananenera.

Papita zaka zambiri. Esiteti ija inagwa, malo anthu anagawana. Biyo palibenso amene amamanga, achinyamata amakokolola nsomba ndi maneti a udzudzu. Kankhalango kaja makasu akukadya m'mbali dzinja lililonse, ndipo ndakanganapo ndi anthu ambiri pa nkhani imeneyi, ena mpaka kugwirana malaya. Mkuyu wokha ndiwo unkaopedwa. Tsopano nawo wapita mu uvuni, ndipo Yosefe anali atapangana kale ndi anzake kuti akazule chitsa chomwe.

Nditachoka pa uvunipo ndinakhala pakhonde n'kuganiza. Wodziwa mzere wa manda aja watsala ndine ndekha, ndipo achipatala anandichenjeza kale za mtima wangawu. Zaka zonsezi ndimayesa kuti ntchito yanga ndi kukalipira odula mitengo. Ayi. Atsibweni sanakalipire matenanti. Anafuna mwana wa mlongo wawo, n'kumuimika pa mkuyu.

M'mawa mwake ndinagogoda kwa Yosefe mame asanaume. Anatuluka akutikita m'maso, ataika kale mkono kumaso poopa khofi. Sindinamukhudze. Ndinangoti, "Vala nsapato, unditsate."

Chitsa chinali chikadali chachiwisi, utomoni ukuchucha. Ndinamuimika pamwamba pake, n'kumutembenuza kuti ayang'ane kumtsinje.

"Patsogolo pakopo a Nabanda. Kumanja kwawo Simoni, anamira pa biyo. Kenako agogo ako, amene anabereka amayi ako ndi ine. Mthunzi wawo ndi umene wawotchera njerwa."

Anavula chipewa.

"Bwereza," ndinatero.